Walira kompyuta walira wozisamala: yankho langa kwa a cloud ndi a Linux



Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete mkangano uja wa makompyuta a m'zipatala za kwathu, ndipo ndaona kuti amene akukweza mawu kwambiri ndi mainjiniya, owerengera ndalama ndi andale a pa kiyibodi. Ife amene timagwiritsa ntchito makinawo usiku ndi usana, wodwala ali pa bedi akubuula, palibe watifunsa. Nde lero ndati ndilowepo, ndipo amene ndimukhudze pa chilonda andikhululukire. Ndine namwino, ndinaphunzira kwathu konko, ndinagwirako m'boma zaka zingapo, pano ndili ku Mangalande. Digiri ya makompyuta ndilibe, changa ndi dipuloma ya unamwino basi. Koma makina akazima, amene amathamanga m'makhonde ndi mapepala ndi mabotolo a magazi ndife, inu muli mtulo.

Ndaona magulu awiri. Loyamba likuti Malawi watsalira, tichotse mabuku a kuchipatala ndi ma register onse, chilichonse chipite pa cloud, kuti munthu wa ku Chitipa akadwalira ku Nsanje dokotala angodina n'kuona mbiri yake yonse. Lachiwiri likuvomera zimenezo koma likuti tisatayire ndalama kwa Microsoft, tiike Linux chifukwa ndi yaulere ndipo eti siilowa virus. Nonse awiri mukukanganirana mtundu wa galimoto yoti tigule, koma palibe ndi mmodzi yemwe wanena za amene azithira oilo, amene azisunga makiyi, ndi amene adzayankhe ikagwera m'dzenje ndi anthu.

Ndiyambe ndi dziko lomwe lino limene ambiri mumalitenga ngati kumwamba. Pa 12 Meyi 2017 pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inagwira NHS. Inkatseka mafayilo onse a mu kompyuta n'kulemba pa sikirini kuti lipirani dipo kuti tikutsegulireni. Ku England kokha magulu a zipatala osachepera 80 mwa 236 anakhudzidwa, pamodzi ndi makiliniki a madokotala pafupifupi 600. Maulendo okaonana ndi dokotala ndi maopaleshoni pafupifupi 19,000 analephereka, m'madera ena maambulansi ankauzidwa kuti apite ku chipatala china, ndipo boma linawerengera kuti linataya mapaundi pafupifupi 92 miliyoni. Chimene chinaimitsa mliriwo ndi mwayi: mnyamata wa zaka 22, Marcus Hutchins, anapeza adiresi ya pa intaneti imene inali mkati mwa pulogalamuyo, n'kuilembetsa, chilombocho n'kusiya kufalikira.

Tsono mvetserani apa. Bowo limene WannaCry inalowera linali lodziwika kale, ndipo Microsoft inali itatulutsa chigamba chake pa 14 Malichi, pafupifupi miyezi iwiri m'mbuyo. Zipatala zinali zitachenjezedwa kuti ziike chigambacho. Makompyuta ambiri amene anagwidwa anali a Windows 7, imene nthawi imeneyo inali ikulandirabe ma update. Kwa ine monga namwino nkhaniyi ndi yosavuta: katemera analipo, anali mu firiji, koma mwana sanabayidwe. Ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha boma kuno inapezanso kuti chisanachitike chiwembucho magulu a zipatala 88 anali atayenderedwa kuti aone chitetezo chawo, ndipo palibe ngakhale limodzi limene linakhoza. Oyenderawo analibe mphamvu yokakamiza aliyense kukonza. Analemba malipoti, malipoti anaikidwa pa shelufu.

Nkhani ya malipoti imeneyi ndiikhalirepo pang'ono, chifukwa mmodzi wa inu analemba kuti bola kampani ikhale ndi satifiketi ya chitetezo basi nkhawa yatha. Aliyense amene anagwirako pa health centre amaidziwa tchati ya firiji ya katemera. Imayenera kulembedwa kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Ndipo aliyense anaonapo tchati imene yadzazidwa sabata yonse ndi cholembera chimodzi, dzanja limodzi, Lachisanu masana, chifukwa kwamveka kuti Lolemba kukubwera alendo ochokera ku boma. Pepala likuti madigiri 4 kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, chonsecho magetsi anathima Lachitatu tsiku lonse. Alendo asayina, akwera galimoto, apita. Katemera wafa, pepala ndi loyera. Satifiketi ya chitetezo cha makompyuta imatha kukhala chimodzimodzi. Imakuuzani kuti tsiku limene kunabwera woyendera mafomu anali bwino. Siikuuzani kuti usiku wa lero seva ija ili ndi zigamba zonse kapena ayi. Sindikuti tisiye kuyendera, iyayi. Ndikuti woyendera azitsegula firijiyo n'kugwira botolo, ndipo akapeza lawola akhale ndi mphamvu yotseka chitseko.

Tsopano kwa inu a cloud. Cloud ndi kompyuta ya munthu wina, ili m'nyumba ya munthu wina, nthawi zambiri m'dziko la eni. Ubwino wake ulipo ndithu: makampani akuluakuluwo ali ndi alonda ambiri kuposa amene unduna wathu ungalembe. Koma ukasungitsa chimanga chako chonse m'nkhokwe ya mnzako, tsiku limene nkhokweyo yapsa kapena mwakangana, ana ako agona ndi njala. Pa 3 Juni 2024 gulu la akuba lotchedwa Qilin linathyola kampani ya Synnovis, imene imayeza magazi m'malo mwa zipatala zikuluzikulu za kum'mwera chakum'mawa kwa London, monga King's College Hospital ndi Guy's and St Thomas'. Akubawo analowera ku kampani, koma amene anamva kuwawa ndi odwala m'mawodi. Maulendo oposa 10,000 okaonana ndi madokotala ndi maopaleshoni oposa 1,700 anaimitsidwa.

Kwa amene simudziwa za m'wodi, ndifotokoze chifukwa chake. Usanamuike munthu magazi, labu imayenera kuyerekeza magazi ake ndi amene ali m'thumba. Makina akagwa, kuyerekezako kumachitika pa manja, pang'onopang'ono, ndipo pa ngozi umangogwiritsa ntchito magazi a gulu O chifukwa ndi amene ambiri angalandire. Zotsatira zake magazi a gulu O anachepa m'dziko lonse, bungwe losunga magazi mpaka linachita kupempha anthu pa wailesi ndi m'manyuzi kuti akapereke. Akuba aja anatulutsa pa intaneti zinsinsi za odwala zimene anaba. Ndipo mu Juni 2025 a King's College Hospital anavomera kuti wodwala mmodzi anamwalira, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali kuchedwa kwa zotsatira za magazi. Uko ndi ku London, kumene magetsi sathima ndipo intaneti ili ngati madzi a pa mpope.

A ku Joni musandiuze kuti izi ndi za azungu. Mwezi womwewo wa Juni 2024, National Health Laboratory Service ya ku South Africa, imene imayeza magazi a anthu ambiri opita ku zipatala za boma, inathyoledwanso ndi ransomware. Kwa masabata angapo zotsatira zinkaperekedwa pa foni ndi pa pepala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndibwere kwa anzanga a Linux, amene ndimagwirizana nawo pa zambiri. Zoona, Linux ndi yabwino kwa dziko losauka ngati lathu. Simalipira layisensi, ndipo mkati mwake ndi motseguka moti mwana wa ku MUBAS kapena ku Mzuni akhoza kuwerenga ndi kukonza. Ndipo musaiwale kuti Malawi si mlendo pa zimenezi. Kuyambira mu 2001 a Baobab Health anayamba kuika timakina togwira pa sikirini pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, tomwe timasindikiza kapepala komata m'buku la kuchipatala, ndipo pambuyo pake tinafalikira m'makiliniki a ma ARV. Zinamangidwa pa mapulogalamu otseguka, ana a ku Malawi akulemba nawo. Manambala a zaumoyo amene amachoka m'maboma kupita ku unduna amadutsa mu DHIS2, imenenso ndi yotseguka, yochokera ku University of Oslo. Choncho pa Linux sitikuyambira pa ziro. Koma mawu oti siilowa virus aja, chonde, muwameze.

Pa 29 Malichi 2024 injiniya wina dzina lake Andres Freund anaulula chinthu chimene chinagwedeza dziko lonse la Linux. Anaona kuti kulowa mu kompyuta yake kudzera pa SSH, khomo limene oyang'anira ma seva amalowera ali kutali, kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Ambirife tikanangoti netiweki yavuta. Iye anafukula mpaka anapeza kuti mu kapulogalamu kakang'ono kopanikiza mafayilo kotchedwa XZ Utils, kamene kali pafupifupi mu Linux iliyonse, munabisidwa khomo lakumbuyo. Analiika ndani? Munthu wodzitcha Jia Tan, amene anakhala zaka zoposa ziwiri akuthandiza ngati mnzawo wabwino mpaka anapatsidwa mphamvu yotulutsa mapulogalamuwo. Mwini wake weniweni, Lasse Collin, ankagwira ntchitoyo yekha, mosalipidwa, atatopa. Poizoniyo anali mu 5.6.0 ndi 5.6.1, ndipo anali atafika kale m'mitundu yoyesera ya Debian ndi Fedora. Akanachedwa miyezi yochepa, akanalowa m'ma seva ankhaninkhani.

Kuti mumvetse, ganizirani mmene mankhwala amafikira pa chipatala. Sitigula panado pa msika wa Tsoka, timaitanitsa ku Central Medical Stores, katoni imabwera yomata, timaona chidindo, timalandira. Linux imateronso: mapulogalamu amachokera ku nkhokwe yovomerezeka, ali ndi chidindo chotsimikiza kuti sanasinthidwe m'njira. Ndi dongosolo labwino zedi, loposa kukopera mapulogalamu pa flash ya mlamu wako. Koma poizoni akathiridwa ku fakitale komweko, chidindo chimabwera chili bwinobwino. Chimene chimapulumutsa ndi kukhala ndi munthu amene akudziwa kuti m'sitolo mwake muli mabachi ati, ndipo uthenga ukabwera woti bachi yakutiyakuti ichotsedwe, amaichotsa tsiku lomwelo. Mu Disembala 2021, bowo litapezeka mu Log4j, kachidutswa kamene kali m'mapulogalamu ambirimbiri a Java, vuto lalikulu la mabungwe linali lomweli: sankadziwa n'komwe ngati ali nako kapena ayi.

Chinanso, pulogalamu ili ndi tsiku lothera ntchito ngati mankhwala. Ubuntu ya nthawi yaitali imalandira zigamba zaulere kwa zaka 5. CentOS 7, imene ma seva ambiri ankadalira, inasiya kulandira zigamba pa 30 Juni 2024. Windows 7 inatha mu Januwale 2020, Windows 10 mu Okutobala 2025. Tsikulo likadutsa kompyuta imayakabe, imaonekabe yathanzi, ngati botolo la amoxicillin lotha ntchito limene likuoneka chimodzimodzi ndi latsopano. Nde funso langa kwa inu a Linux ndi ili: seva ija ili m'kachipinda ka pa health centre ku Ntchisi kapena ku Phalombe, amene aziiyang'ana chaka chachisanu ndi chimodzi ndani? Malipiro ake ali pa mzere uti wa bajeti? Mafuta oti afikire kumeneko nthawi ya dzinja alipira ndani? Layisensi ndi yaulere, inde, koma munthuyo amadya nsima.

Ndipo apa ndi pamene pali chilonda chathu chenicheni. Makina ambiri a m'makiliniki a ma ARV anaikidwa ndi kusamalidwa ndi ndalama za boma la America kudzera mu PEPFAR. Tinaombera m'manja, ndipo anathandizadi. Koma mu Januwale 2025 boma la Trump linaimitsa thandizo lakunja mwadzidzidzi, mabungwe n'kulandira makalata oti asiye ntchito pompo. Dziko limene mbiri ya odwala ake imadalira siginecha ya munthu wa ku Washington silinganene kuti makinawo ndi ake. Fodya wako ndi amene ali pa mphuno. Inu mukufuna kuwonjezera zipatala zonse pa dongosolo lotere musanayankhe kuti zimene zilipo kale azisamala ndani wopereka akanyamuka?

Ena munena kuti ndikuopseza anthu ndi nkhani zakunja. Chabwino, tibwerere kwathu. Kumayambiriro kwa 2024 a Immigration anasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata. Mu Febuluwale pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makinawo athyoledwa ndipo akuba akufuna dipo. Ena anatsutsa, n'kumati gwero lake ndi mkangano wa malayisensi ndi makontirakiti, popeza mgwirizano ndi kampani imene inkayendetsa makinawo unali utathetsedwa mu 2021. Kaya mukhulupirira mbali iti, mfundo yanga siisintha. Ngati anali akuba, backup yoti n'kubwezeretsa zinthu m'masiku awiri inali kuti? Ngati inali nkhani ya malayisensi, zinatheka bwanji kuti boma lisakhale ndi makiyi a nyumba yake yomwe? Ambiri pa bwalo lino muli ndi m'bale amene anataya malo a sukulu kapena ntchito chifukwa cha pasipoti nthawi imeneyo. Pasipoti munthu amadikira mwezi n'kukhalabe moyo. Mayi amene akutaya magazi atabereka sadikira olo ola limodzi.

Nanga Cashgate ya 2013 mwaiwala? IFMIS inagulidwa kuti itseke kusolola. Anthu a mkati momwemo anaigwiritsa ntchito kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, kenako n'kufufuta malipirowo mu kompyuta, mabiliyoni n'kupita. Sipanafunike katswiri wa ku Russia. Panangofunika anthu okhala ndi mphamvu zolowa paliponse popanda wowayang'ana. Khoswe anali pa mkhate. Ndiye wina akandiuza kuti kompyuta ithetsa kuba kwa mankhwala m'zipatala, ndimamufunsa kuti amene ali ndi pasiwedi yaikulu ndani, ndipo zimene iye wachita mu makinamo amaziwerenga ndani.

Tsopano ndikhudze ife tomwe a kunja kuno, chifukwa timakonda kuloza chala ku Capital Hill. Chaka chilichonse timasonkha ndalama, timadzaza kontena ndi makompyuta amene ofesi ina yataya ndi makina a kuchipatala amene apuma ntchito, timajambulitsa ndi a DHO, timaika pa Facebook. Mtima ndi wabwino, sindikukana. Koma ndani amafunsa kuti kompyutayo ikulandirabe zigamba? Ndani amaona ngati hard drive yake inafufutidwa? Makina a masiku ano a m'wodi, oyeza kugunda kwa mtima, mapampu a diripi, a X-ray, ambiri ndi makompyuta ovala yunifolomu, ndipo ambiri mkati mwake muli Linux yomweyo, yakale, imene palibe angaisinthe kupatula amene anawapanga. Mu Januwale 2025 a FDA ku America anachenjeza za makina oyang'anira wodwala otchedwa Contec CMS8000, kuti akalumikizidwa pa netiweki amatha kutumiza za wodwala ku adiresi yakunja imene inalembedwa mkati mwake, ndipo wina akhoza kuwasokoneza ali kutali. Akatswiri anakangana ngati zinali dala kapena kupanga mosasamala, koma langizo linali limodzi: zulani chingwe cha intaneti. Mu 2017 timakina ta mu mtima pafupifupi 465,000 ta St. Jude Medical tinafunika update ku America chifukwa cha bowo la chitetezo. Kuno ku Britain kuyambira pa 29 Epulo 2024 ndi mlandu kugulitsa zipangizo za m'nyumba zolumikiza pa intaneti zokhala ndi pasiwedi yosavuta ngati admin kapena 12345. Katundu amene akukanidwa m'maiko okhwimitsa malamulo mukuganiza amakathera kuti? Uthenga woti makina akuti ali ndi vuto umapita kwa amene anawagula poyamba. Sufika ku Mwanza kumene tinakawasiya ife.

Manesi anzanga, nanunso sindikusiyani. Pasiwedi yolembedwa pa pulasitala n'kumata pansi pa kiyibodi ndaiona kwathu, ndaionanso kuno. Wodi yonse kulowa ndi dzina la sista mmodzi amene anapita pa tchuthi mwezi watha. Kujambula fayilo ya wodwala n'kutumiza pa WhatsApp pa gulu la anthu 40, ena mwa iwo anasiya ntchito kalekale. Ku Ireland mu 2021 dongosolo lonse la zaumoyo linagwa pa 14 Meyi, ndipo kafukufuku anapeza kuti zinayamba pa 18 Malichi pamene wogwira ntchito mmodzi anatsegula fayilo ya Excel imene inabwera pa imelo. Akuba anakhala mkatimo masabata 8 akuyendayenda, ndipo kukonza kunatenga miyezi. Tinaphunzitsidwa kusamba m'manja pakati pa wodwala ndi wodwala, ndipo izi ndi ukhondo womwewo. Koma mabwana musathamangire kutikalipira. Mukaika kompyuta imodzi pa wodi ya odwala 60, yochedwa kutseguka ngati bulu wotopa, namwino mmodzi pa naiti, mukuyembekeza chiyani? Mpope ukakhala kutali anthu sasamba m'manja. Konzani mpope kaye.

Nanga malamulo? Tili ndi lamulo la 2016 la za pa intaneti ndi chitetezo chake, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo loteteza zinsinsi za anthu, limene linapereka udindo kwa MACRA. Pa pepala zili bwino. Koma lamulo la 2016 lija ambirife timalidziwa chifukwa cha kumangidwa kwa anthu olemba zonyoza atsogoleri. Mu 2022 namwino mnzathu wa ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha zimene analemba za pulezidenti pa gulu la WhatsApp. Apolisi anamupeza msangamsanga. Changu chomwecho ndikufuna ndichione tsiku limene mndandanda wa anthu omwa ma ARV pa kiliniki ina udzapezeke pa foni ya munthu wosayenera. Inu a m'tauni mwina simukumva kulemera kwake. Kumudzi dzina likatuluka chotero, banja limatha, mayi amathamangitsidwa, mnyamata amasiya kukatenga mankhwala chifukwa cha manyazi, ndipo miyezi ingapo tikumuika m'manda. Khadi la kubanki likabedwa umatseka n'kutenga lina. Zotsatira za magazi ako zikatuluka, sizibwereranso m'botolo.

Ndiye ndikufuna chiyani, popeza ena muyamba kale kulemba kuti nesi ameneyu akudana ndi chitukuko? Makompyuta ndimawafuna. Ndaona mmene amapulumutsira anthu, makina akakuletsa kupereka penisilini kwa munthu amene thupi lake limadana naye, kapena akakukumbutsa kuti wodwala uyu sanabwere kudzatenga mankhwala. Koma aliyense amene akubwera ndi pulojekiti, kaya ndi nduna, kaya ndi bungwe, kaya ndi inu a pa bwalo lino amene muli ndi timakampani tanu, ayankhe izi poyera.

1. Makiyi ali ndi ndani? Mapasiwedi akuluakulu, mapulogalamu ndi mbiri ya odwala zikhale m'manja mwa boma la Malawi, zolembedwa mu kontirakiti, kuti kampani ikachoka tisatsale panja.

2. Ndalama yosamalira makinawo kwa zaka 10 ichokera kuti? Ikhale pa bajeti yathu, ndi maudindo enieni m'boma lililonse, a malipiro oti mwana wophunzira bwino asathawire ku banki.

3. Pali kaundula wa makina onse, pulogalamu imene ili mkati, ndi tsiku limene idzasiye kulandira zigamba? Ku famase timatero ndi mankhwala. Mphatso ya mu kontena imene ilibe zimenezi ikanidwe, olo itachokera kwa ine.

4. Backup ili kuti, ndipo inayesedwa liti? Imodzi ikhale yosalumikizidwa pa netiweki. Backup imene sinayesedwepo ili ngati silinda ya okosijeni imene palibe anaitsegulapo: umadziwa kuti ndi yopanda kanthu wodwala atayamba kale kubanika.

5. Makina akagwa, wodi igwira bwanji ntchito? Kuno timasunga bokosi la mafomu a pepala la tsiku lotero, ndipo zipatala zanzeru zimachita kuyeserera. Buku la kuchipatala limene mukulinyozalo musalitaye. Lili m'chikwama cha mayi, silifuna ESCOM, ndipo palibe wa ku Moscow angalitseke.

6. Zinthu zikalakwika, auzidwe ndani, m'masiku angati, ndipo achotsedwe ntchito ndani? Dzina ndi udindo, osati komiti.

Zimenezi zilibe riboni yodula, zilibe chithunzi cha m'nyuzi, zilibe alawansi ya ku Mangochi. N'chifukwa chake palibe amazikonda. Walira mvula walira matope, abale, ndipo matope ake ndi amenewa.

Ndikudziwa kuti wina andiyankha ndi nyimbo yakale ija, yoti munathawa odwala a kwanu kukasamala nkhalamba za azungu, nde khalani chete. Nenani, ndinazolowera. Koma mayi anga amapita ku chipatala cha boma chomwecho, dzina lawo lili m'makina omwewo, ndipo ndalama ya thiransipoti yopitira kumeneko imachoka m'thumba langa. Tsiku limene makinawo adzagwe, sadzafunsa kuti mwana wa mayiwa ali ku Leeds kapena ku Lunzu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

A cloud ndi a Linux, mafunso 6 ali apowo. Yankhani limodzilimodzi, ndi manambala, osati ndi chizungu chambiri. Amene ayankhe onse ndidzakhala woyamba kusonkha.

Ndapita ku naiti.

Namwino wa ku Mangalande